Pini ya analogi ikamanama, iyeseni ndi volteji yomwe mukuidziwa kale

Dandaulo lake limakhala lofanana ngakhale mabolodi a timakompyuta tating'ono ngati Arduino asiyane. Sensa yalumikizidwa, pulogalamu ikuyenda, manambala akutuluka pa Serial Monitor (zenera la pa kompyuta loonetsa zimene bolodi ikutumiza), koma sakugwirizana ndi zenizeni. Batire limene multimeter ikuti lili pa 3.70 V, bolodi ikuti 3.93 V. Kapena manambala akungovinavina, 480, 531, 497, palibe amene wagwira kanthu. Kapenanso zonse zinali bwino bolodi ili pa USB ya kompyuta, koma mutangoisamutsira pa adaputala ya pakhoma, zasintha.

Ambiri amathamangira kukagula sensa ina. Ena amayamba kuchulukitsa zotsatira ndi 0.94 mu pulogalamu mpaka zioneke ngati zakhala bwino. Konseku n'kungopenekera. Sensa ili ndi zofooka zake, mawaya ali ndi zawo, pini nayo ili ndi zake, ndipo zonse zikasakanikirana simungadziwe cholakwa. Chotsani kaye sensayo. Ipatseni pini volteji yomwe mwaiyeza kale ndi multimeter, muone ngati ikuyankha zoona. Zitsanzo zambiri pano ndi za Arduino Uno, yomwe ili ndi kachipu ka ATmega328P, koma njira yake ndi yomweyo pa mabolodi ena, ndipo za ESP32 ndi Raspberry Pi Pico tizikhudza kumapeto.

ADC sidziwa mavolti

Ichi chikhazikike m'mutu musanagwire waya. Gawo la kachipu limene limasandutsa volteji kukhala nambala, lotchedwa ADC, siliyeza mavolti mwachindunji. Limayerekeza volteji ya pa pini ndi volteji ina yoyezera, imene mabuku amailemba kuti Vref, n'kukuuzani kuti yoyambayo ndi gawo lalikulu bwanji la yachiwiriyo. Zili ngati rula ya timizere 1024 imene kutalika kwake konse kumadalira Vref: Vref ikatsika, rula yafupika, timizere tathinana, ndipo chinthu chomwecho chikuoneka chachitali.

Pa Uno ADC ndi ya mabiti 10, choncho manambala amayambira pa 0 kulekeza pa 1023. Buku la kachipuka limapereka masamu awa: nambala = volteji ya pa pini × 1024 ÷ Vref. Ngati simunasinthe kanthu mu pulogalamu, Vref ndi magetsi omwewo amene akuyendetsa kachipu, aja timangowatchula kuti 5 V. Akakhaladi 5.00 V, kamzere kamodzi ndi pafupifupi 4.88 mV. Vuto ndi lakuti kawirikawiri sakhala 5.00 V ndendende. USB 2.0 imaloledwa kutulutsa kuyambira 4.75 V mpaka 5.25 V, ndipo waya wa USB wautali kapena wopyapyala amadyako zina panjira.

Anthu amakonda kukangana ngati tizigawa ndi 1023 kapena 1024. Kusiyana kwake sikufika 5 mV ngakhale pamwamba penipeni, pamene kachipuko pakokha kamaloledwa kuphonya ndi timizere tiwiri. Ngati mwaphonya ndi 200 mV, vuto lanu silili pamenepo.

Zofunika ndi pulogalamu yoyesera

Mufunika multimeter, marezisita awiri a 10 kΩ, ina ya 1 kΩ, batire limodzi la AA, ndi mawaya afupiafupi. Capacitor ya 100 nF ikhale pafupi. Multimeter ndiyo woweruza pa ntchito yonseyi, ndiye onani kuti batire lake silinafooke, chifukwa multimeter ya batire lofooka nayonso imanama.

Pulogalamu ikhale yopanda zokometsera:

```
void setup() {
  Serial.begin(9600);
}
void loop() {
  Serial.println(analogRead(A0));
  delay(200);
}
```

Musasandutse nambalayi kukhala mavolti, musatenge avereji, musaikemo laibulale iliyonse. Tikufuna nambala yosakhudzidwa, monga ikuchokera ku ADC. Chotsaninso zina zonse pa bolodi: ma shield, mamota, sikirini.

Chenjezo limodzi lokha. Pini ya Uno isalandire volteji yoposa magetsi a kachipu ndi theka la volti, kapena yotsika kupitirira theka la volti pansi pa GND (pini ya 0 V ya bolodi). Batire mukalitembenuza mutu mwaswa kale lamulo lachiwirili. Rezisita ya 1 kΩ pakati pa gwero la volteji ndi pini siisokoneza muyeso, koma imateteza pini dzanja likalakwitsa. Ndipo musasiye batire pa pini bolodi itazima, chifukwa magetsi amalowera m'timadayodi totetezera n'kumayesa kudzutsa kachipu kudzera pakhomo lolakwika.

Miyeso inayi

Woyamba: lumikizani pini ya analogi A0 ku GND ya bolodi yomweyo. Muyenera kuona 0, mwina 1 mwa apo ndi apo. Wachiwiri: A0 ku pini ya 5V. Muyenera kuona 1023, kapena 1022. Miyeso iwiriyi imangotsimikiza kuti pini ili moyo ndiponso kuti pulogalamu ikuwerenga pini imene mwalumikizayo. Zimachitika ndithu kuti waya ali pa A1 pamene pulogalamu ikuwerenga A0.

Wachitatu: lumikizani marezisita awiri a 10 kΩ motsatizana kuchokera ku 5V kupita ku GND, ndipo pakati pawo patuluke waya wopita ku A0. Muyembekeze nambala yoyandikira 512. Marezisita a 5% akhoza kuikankhira uku kapena uko ndi manambala angapo, mwina mpaka makumi awiri ndi kanthu zikavutitsitsa. Kuti mudziwe ngati olakwa ndi marezisita, asinthanitseni malo: ngati poyamba munapeza 505 ndipo tsopano mwapeza 518, pakati pa ziwirizi ndi 511 kapena 512, ADC ilibe mlandu.

Pano m'pamene ambiri amasiyira, n'kunena kuti pini ili bwino. Koma taonani: miyeso itatu yonseyi ikutunga magetsi pa chitsime chimodzi ndi Vref. Magetsi a bolodi akatsika kufika pa 4.70 V, pakati pa marezisita paja pamakhala 2.35 V, lomwe ndi thekabe la Vref, ndipo nambala imakhalabe 512. Pini ya 5V iwerengabe 1023. Mutha kudutsa miyeso itatu yonse bwinobwino bolodi ikunamabe ndi 6%.

N'chifukwa chake muyeso wachinayi ndi umene uli ndi phindu lalikulu: volteji yosadalira magetsi a kachipu. Yapafupi kwambiri ndi pini ya 3.3V ya pa Uno, imene ili ndi regulator yakeyake. Iyezeni ndi multimeter, tiyerekeze mwapeza 3.30 V. Ilumikizeni ku A0. Vref ikakhala 5.00 V mudzaona 675 kapena 676. Mukaona 718, tembenuzani masamu aja: Vref = 3.30 × 1024 ÷ 718, zomwe zikupereka pafupifupi 4.71 V. Tsopano ikani multimeter pakati pa pini ya 5V ndi GND. Ikanena 4.70 V kapena pafupi pamenepo, nkhani yatha: ADC ikunena zoona, wonama ndi 5.0 uja munalemba mu pulogalamu. Pulogalamu yokhulupirira 5.0 ikanatenga 718 n'kulengeza 3.51 V.

Bwerezani ndi batire la AA, mbali ya minus ku GND, ya plus ku A0 kudzera pa 1 kΩ ija. Batire la alkaline latsopano limakhala cha m'ma 1.6 V, osati 1.5 V yolembedwa pachikopa, choncho liyezeni, musalikhulupirire. Likakhala 1.58 V, Vref ya 5.00 V ipereka 323, ya 4.70 V ipereka 344. Ngati batire ndi pini ya 3.3V zonse zikuloza ku Vref yofanana, ndiye kuti ADC ikuyenda mumzere woongoka. Amene akufuna kulondola kopitirira apa angagwiritse ntchito timachipu togwira volteji yokhazikika, monga TL431, imene imagwira 2.495 V, kapena LM4040, imene imapezeka ya 2.048 V, ya 2.5 V, ya 4.096 V ndi zina. Zonsezi zimafuna rezisita yozidyetsera magetsi kuchokera ku 5V. Koma pofufuza vuto wamba, batire ndi multimeter n'zokwanira.

Vref ikakhala yolakwa

Kulemba 4.70 m'malo mwa 5.0 kumathandiza lero lokha. Mawa mukasintha waya wa USB kapena relay ikayaka, Vref yasunthanso. Ngati sensa yanu imadya magetsi omwewo a 5V ndipo zotuluka zake zimakwera n'kutsika nawo limodzi, monga potentiometer kapena thermistor yokhala pa marezisita ogawa volteji, musavutike: kusunthako kumafafanizika kokha, bola muziwerengera ndi nambala ya ADC osati mavolti. Koma sensa ya kutentha ngati LM35, imene imatulutsa 10 mV pa digiri iliyonse mosasamala za magetsi a bolodi, imavulala. Pa madigiri 25 imatulutsa 250 mV, ndipo Vref ya 4.70 V yowerengedwa ngati 5.0 imawonjezera digiri imodzi ndi theka pafupifupi. Chimodzimodzi poyeza batire.

Pa zoterezi pamafunika Vref yokhazikika. ATmega328P ili ndi yake yamkati ya 1.1 V, imene mumaisankha ndi analogReference(INTERNAL). Siisuntha ndi USB, koma 1.1 ndi dzina chabe: kachipu kena kamakhala nayo pa 1.0 V, kena pa 1.2 V, kena pakati. Mukaisankha n'kuwerenga pini kamodzi, volteji yake imaonekera pa pini ya AREF, yomwe ndi pini ya Vref pa bolodi, ndipo mutha kuiyeza ndi multimeter, n'kulemba nambala yeniyeniyo mu pulogalamu ya bolodi imeneyo. Kumbukirani kuti tsopano chilichonse choposa 1.1 V chiwerenga 1023, ndiye batire la AA silingayezedwenso popanda kuligawa. Tayaninso zowerenga zoyambirira mukangosintha Vref, chifukwa capacitor ya pa AREF imatenga kanthawi kuti itsike.

Ngati mwasankha kuika Vref yanu pa pini ya AREF, lembani analogReference(EXTERNAL) musanaitane analogRead ngakhale kamodzi. Mukaiwala, kachipu kamalumikiza 5 V yake yamkati ndi gwero lanulo mwachindunji, ndipo china mwa ziwirizi chikhoza kupsa.

Manambala akamavina

Pini yosalumikizidwa kulikonse imawerenga zamumlengalenga. Imatola mafunde a magetsi a m'nyumba a 50 Hz kapena 60 Hz, imasintha mukayandikiza chala, imatengera za pini yoyandikana nayo. Si kuwonongeka kumeneko. Koma ngati mwalumikiza batire ndipo manambala akuchitabe chimodzimodzi, ndiye kuti m'maso mwa ADC piniyo ikadali yokhayokha: waya waduka mkati mwa pulasitiki, kabowo ka breadboard kalekera, kapena minus ya batire sinafike ku GND. Chomalizachi ndicho chimagwira anthu ambiri. Gwero lililonse lakunja, kaya batire kaya power supply ya pa benchi, liyenera kugawana GND ndi bolodi. Pa ma breadboard ena aatali mizere ya magetsi ya m'mbali inaduka pakati, ndiye GND ya kumanzere si GND ya kumanja mpaka mutailumikiza nokha.

Yezani nthawi zonse pa pini penipeni, nsonga yofiira ya multimeter pa A0, yakuda pa GND ya bolodi. Kuyeza pa batire kumangokuuzani za batire.

Kugwedezeka kwa nambala imodzi kapena ziwiri n'kwachibadwa, kusiyeni. Kukakula, ikani capacitor ya 100 nF pakati pa A0 ndi GND, pafupi ndi pini, mufupikitsenso mawaya.  Kukapitirira, mwina akuvina ndi magetsi a bolodi, osati batire. Yesani gwero lina la magetsi. Machaja otchipa a foni amatchuka ndi phokoso limeneli.

Pali chinanso chimene chimabisala mpaka mutabwezera mota kapena LED zambiri: magetsi awo akamabwerera ku GND kudzera pa waya yemweyo amene sensa ikugwiritsa ntchito, wayayo amakhala ndi kavolteji kake, ndipo ziro wa sensa sakhalanso ziro wa kachipu. Muyeso wa GND uja umaulula zimenezi. Lumikizani A0 pa GND ya pamene pali sensa, osati ya pa bolodi, muyatse mota. Nambala ikachoka pa 0 n'kupita pa 6 kapena 10, ipatseni sensa waya wakewake wa GND wopita ku bolodi.

Marezisita aakulu

Mkati mwa ADC muli capacitor yaing'ono zedi, ya 14 pF, imene iyenera kudzaza mpaka pa volteji ya pini m'kanthawi kochepa kwambiri muyeso usanayambe. Mapini onse a analogi amagawana capacitor imodzi yomweyi mosinthanasinthana. Buku la kachipu limati ADC inapangidwira magwero a 10 kΩ kapena kuchepera. Marezisita awiri a 10 kΩ aja amaoneka ngati 5 kΩ kwa pini, palibe vuto. Koma amene akuyeza batire ndipo sakufuna kulitha msanga amaika awiri a 1 MΩ, ndipo pamenepo capacitor ija sikhala ndi nthawi yodzaza. Imabwera ndi zotsalira za pini imene inawerengedwa kumbuyo.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona. Ikani A1 ku 5V, muziwerenga A1 kenako A0. Samutsirani A1 ku GND, mubwereze. Ngati A0 yasintha chonsecho simunaikhudze, gwero lake n'lofooka. Mankhwala ake ndi 100 nF ija pa pini, imene imakhala nkhokwe yotungamo capacitor yamkati, kapena kuwerenga kawiri n'kutaya koyamba. Ine ndimakonda capacitor, chifukwa kuwerenga kawiri kumangochepetsa vuto marezisita akakhala aakulu kwambiri.

Apa multimeter nayonso imasokoneza. Yambiri imaoneka ngati rezisita ya 10 MΩ, ndipo mukaiika pa rezisita yam'munsi ya 1 MΩ, volteji imene inali 2.50 V imatsika kufika pa 2.38 V. Mudzaona nambala ya pa Serial Monitor ikugwa nthawi yomwe nsonga yakhudza pini. Zikatero yerekezani ziwirizi multimeter ili chilumikizire, osati china musanaiike, china mutaichotsa.

Zolakwa za mu pulogalamu

Ngati muyeso wa theka ukupereka cha m'ma 570 m'malo mwa 512, pamene GND ndi 5V zikuwerenga bwino, funafunani INPUT_PULLUP, mawu a mu pulogalamu oyatsa rezisita yamkati, pa pini imeneyo. Rezisita yamkati yokokera m'mwamba, ya pakati pa 20 kΩ ndi 50 kΩ, imakoka gwero lililonse lomwe si lamphamvu. Pa Uno, digitalWrite(A0, HIGH) pa pini yolandira imayatsanso rezisita yomweyo. Mapini A4 ndi A5 ndi amenenso amanyamula I2C, njira ya mawaya awiri yolankhulirana ndi zipangizo zina, ndipo kasikirini kalikonse ka I2C kamabwera ndi marezisita ake okokera m'mwamba, choncho musayezere pamenepo ngati I2C ikugwira ntchito.

Ngati nambala yosakhudzidwa ili bwino koma mavolti akutuluka odabwitsa, vuto ndi masamu. Mukalemba nambala * 5 / 1023, zotsatira zimakhala 0, 1, 2, 3, 4 kapena 5 basi, chifukwa manambala athunthu amataya zotsala, lembani 5.0. Mukalemba nambala * 5000 / 1023 kuti mupeze mamilivolti, int ya pa Uno, imene ndi ya mabiti 16 ndipo imalekeza pa 32767, imasefukira nambala ikangofika pa 7, n'kuyamba kutulutsa zopanda mutu, zina za minus. Lembani 5000L.

Pini yopsa imadziwika pomaliza, zina zonse zitakanika: imakakamira pafupi ndi 0 kapena 1023, kapena imakoka gwero moti multimeter ikuonetsa volteji ikusintha mukangolumikiza waya kudzera pa 1 kΩ ija. Bwerezani miyeso inayi pa A2. Ikadutsa, samukirani kumeneko ndipo muike chizindikiro pa yopsayo.

ESP32 ndi Pico

Mabolodi awa ndi a 3.3 V. Musaike 5 V pa pini zawo ngakhale kwa kamphindi.

ESP32 yoyambirira ili ndi ADC ya mabiti 12, manambala 0 mpaka 4095, koma musayembekeze ukhondo wa Uno. Vref yake ndi yamkati, ya 1100 mV mwa dzina, ndipo imasiyana kuchokera pa 1000 mV mpaka 1200 mV malinga ndi kachipu. Ndiye muyeso wa theka suyenera kupereka 2048, ndipo musadabwe ukaphonya ndi manambala ambiri ndithu. Kumunsi imakhala chete: volteji yochepera pafupifupi 0.1 V imawerenga 0. Kumtunda imapindika n'kufika pa 4095 volteji isanakwane 3.3 V. Pa attenuation (kuchepetsa volteji isanafike ku ADC) ya 11 dB, Espressif, kampani yopanga ESP32, imalangiza kuyeza pakati pa 150 mV ndi 2450 mV. Miyeso ya GND ndi 3.3V pano siikuuzani zambiri. Tengani potentiometer ya 10 kΩ, muyende pang'onopang'ono, 0.2 V, 0.5 V, 1.0 V, 1.5 V, 2.0 V, 2.4 V, mukulemba za multimeter ndi za bolodi pambali. Gwiritsani ntchito analogReadMilliVolts(), imene imawerengera zokonza zimene zinasungidwa m'kachipu ku fakitale, ndipo muyerekeze ndi multimeter. Ngati pini ikuwerenga bwino mpaka Wi-Fi itayaka, muli pa ADC2, ADC yachiwiri ya kachipuka, imene Wi-Fi imailanda. Samukirani ku ADC1, mapini GPIO32 mpaka GPIO39.

Pa Pico, mapini a analogi ndi GPIO26, 27 ndi 28, ndipo Vref imachokera ku 3.3 V ya bolodi, choncho nkhani ya miyeso inayi ija ikugwira chimodzimodzi, kungoti paliponse pa 5V muikepo 3.3 V, ndipo muyeso wachinayi muchite ndi batire. Mu MicroPython, read_u16() imatambasula zotsatira kufika pa 65535 ngakhale ADC ndi ya mabiti 12, ndiye kugwedezeka kwa 16 kapena 32 ndi kamzere kamodzi kapena tiwiri chabe. Kachipu ka pa Pico, RP2040, kalinso ndi chilema chodziwika pa manambala 512, 1536, 2560 ndi 3584 a mabiti 12, pamene masitepe ake ndi aakulu kuposa anzake. Potentiometer ikadutsa pamenepo nambala imakakamira pang'ono, ndipo si waya wanu. Phokoso likachuluka pa Pico ya wamba, kuika GPIO23 pa HIGH kumachotsa regulator yake mu njira yosungira magetsi, ndipo zowerenga zimadekha.

Pini ikadutsa zonsezi, bwezerani sensa, koma musachotse multimeter. Yezani volteji pa pini sensa ili chilumikizire, muwerengere nambala imene iyenera kutuluka pogwiritsa ntchito Vref yomwe munaipeza, muyerekeze ndi ya pa Serial Monitor. Zikagwirizana koma kutentha kapena kulemera kukadali kolakwa, fufuzani sensayo, magetsi amene ikulandira, kapena masamu osandutsa mavolti kukhala madigiri. Zikasiyana, bwererani ku marezisita aakulu ndi waya wa GND, chifukwa sensa zina zimatulutsa volteji yofooka imene imafuna capacitor kapena op-amp pakati pake ndi pini.